Zikuto za Khwangwala

Mkuluyo analowa m'laibulale Lolemba m'mawa titangotsegula. Anali wamtali koma wowerama pang'ono, chipewa atachigwirira pachifuwa, ndodo ili kudzanja lamanja. Alonda atamupatsa kaundula wa alendo kuti alembe dzina, analiyang'ana bukulo kanthawi kenako n'kungolemba kuti "mlendo". Alonda anati limenelo si dzina. Iye anati n'zoona, koma si bodzanso.

Ine ndinali pamasitepe, chitini cha guluu chili m'manja. Ntchito yanga ndi yokonza mabuku ong'ambika m'kachipinda kam'mwamba, n'chifukwa chake mayi wosesa ananditcha Naguluu, dzinalo n'kundimatirira. Ndinamva mlendoyo akufunsa mabuku a Khwangwala, ndipo ndinaima.

Mabuku amenewo ndi asanu ndi awiri. Ndi nkhani zakale za Khwangwala, wofufuza milandu wosaseka, wa chikhotho chakuda ndi malaya oyera, amene amasuta ndudu pamvula, kunamizidwa ndi akazi okongola, kumenyedwa m'mutu uliwonse wachitatu, koma n'kumupezabe wakupha. Ndivomere, ndinali naye m'chikondi, makamaka uja wa pachikuto cha buku lachitatu, woima pansi pa nyale ya mumsewu akuyang'ana chammbali ngati wamva munthu akumuitana. Laibulale yathu yokha ndi imene inatsala ndi mabuku onse asanu ndi awiri, ndipo sabata imeneyo anali patebulo langa chifukwa njenjete zinali zitayamba kudya misana yake.

Amene anamuyankha mlendoyo ndi abwana, mayi woyang'anira laibulale, amene ankadutsa ndi mafayilo. Anamuyang'ana kamodzi kokha, n'kumuuza kuti mabukuwo akukonzedwa, abwerenso Lachitatu. Mlendoyo anathokoza, koma sanapite. Anakhala pabenchi la pafupi ndi khomo, chipewa pabondo.

Masana abwana anandituma kwa osindikiza, kutsidya kwa tauni, kukatenga mapepala olimba. Anati ndikatenga ndingopitirira kunyumba, ndisavutike kubwerera.

Lachiwiri m'mawa ndinatsegula kachipinda kanga ndi kiyi wanga, loko ali bwinobwino. Mabuku aja anali pomwe ndinawasiya, atasanjidwa mwandondomeko. Koma onse anali maliseche. Panalibe chikuto ngakhale chimodzi.

* * *

Wapampando wa komiti ya laibulale anafika 10 koloko isanakwane. Ndi mwini sitolo ya zitsulo, ndipo sanawerengepo Khwangwala ngakhale tsamba limodzi, koma ankadziwa kuti kumizinda ikuluikulu kuli anthu amene amasaka zikuto zakale n'kumaziika m'mafelemu. Anafunsa kuti makiyi a kachipindako ali ndi ndani. Ali ndi ine ndi abwana. Anafunsa abwana kumene anali Lolemba masana, iwo n'kuyankha kuti anali muofesi mwawo akulemba lipoti, chitseko chili chotseka. Zitatero diso lake linatera pa ine.

"Lachisanu komiti ikhala," anatero. "Zikuto zikakhala kuti sizinapezeke, udzatisiyire makiyi patebulo."

Ndinayang'ana abwana, amene anandiphunzitsa ntchito ndili mtsikana wosadziwa ngakhale kulowetsa ulusi pasingano. Iwo ankayang'ana pazenera.

Munthu wokonza mabuku akangotchedwa wakuba, palibe amene angamupatsenso mpeni ndi kiyi. Ndiponso kunyumba amayi anga amadalira ine. Ndinakwera masitepe, ndinatseka chitseko, ndinalira pang'ono. Kenako ndinadzifunsa chimene Khwangwala akanachita. Iye akanayatsa ndudu n'kugwada pafupi ndi mtembo. Ine ndinayatsa nyale ya patebulo n'kukokera pafupi mitembo yanga isanu ndi iwiri.

Wakuba wothamanga amang'amba. Wakuba wodekha amadula ndi lumo. Apa panalibe pong'ambika, panalibenso podulidwa. Ulusi wonse unali wamoyo, tsamba loyamba losapindika ngakhale pakona. Wina anali atafewetsa guluu wakaleyo n'kukweza chikuto chilichonse chathunthu, monga mayi amavulira mwana wogona malaya. Anasiyanso kansalu ka pamsana kali m'malo mwake, kamene timamatirapo chikuto tikamachibwezera.

Wakuba wanji amene amaba moganizira tsiku lodzabweza?

* * *

Ndinayamba ndi alonda. Anali msilikali kale, ndipo amayankha mafunso ngati akupereka lipoti kwa mkulu wa asilikali. Anati mlendo uja anakhala pabenchi kuyambira 8 koloko mpaka belu lotsekera, anadzuka kawiri kokha kupita kuchimbudzi cha pansi, ndipo masitepe sanawaponde. Anati ngakhale akanafuna sakanatha, mawondo ake amalira ngati chitseko cha galaja. Anati Lolemba munalowa anthu makumi awiri ndi atatu, onse anatuluka, ndipo chikwama chilichonse anachisecha.

Ndinafunsa ngati akunenadi chilichonse. Anati chilichonse.

"Ndi cha abwana chomwe?"

"Mwana iwe," anatero akuwongola lamba, "unaionapo mbuzi ikusecha m'busa?"

Mayi wosesa ndinawapeza kuseri akutsuka mopu. Iwo safunsidwa mafunso, amangofunika kuwatsegulira njira. Anayamba ndi wapampando, kuti mimba yake imalowa m'chipinda iye akadali pakhomo. Anapita kwa mlendo uja, kuti pa unyamata wake ayenera kuti analiza atsikana ambiri, ndipo iwo akanakhala amasiye akanamutungira madzi. Kenako anandilozera chala chomwe chinali ndi kathuza.

"Koma iwe Naguluu, tsiku lina udzatiotchera nyumba. Simbi yako yandipsereza Lolemba. Ndimati ndipukute tebulo, ndangoikhudza, yotentha ngati yangochoka pamoto. Mwinatu ukuganiza za mwamuna."

Ndinafunsa nthawi. Anati cha m'ma 4 koloko, ndipo chitseko anachipeza chongotsekedwa osakhoma, iwo n'kumati ndatsikira pansi. Anawonjezera kuti chimodzi chokha anandiyamikira: tsiku limenelo ndinakumbukira kufinya kansalu kanga konyowa n'kukayanika pampopi katapindidwa patatu, osati kukaponya pansi ngati mwa masiku onse.

Ine 4 koloko ndinali kutsidya kwa tauni, nditanyamula mapepala pamutu. Simbi sindinaiyatse Lolemba lonse. Ndipo kansalu sindinakapindepo patatu chibadwire, ngakhale amene anandiphunzitsa ntchito wakhala akundikalipira za kansalu komweko zaka zinayi. Nsalu yonyowa pamsana wa buku, simbi yofunda pamwamba pake, kafupa kosalala kokwezera chikuto: m'tauni yonse anthu odziwa zimenezo tilipo awiri.

Ndinakhala pa chidebe chovundikira cha mayi wosesa. Khoswe anali atakhala pamkhate. Wakuba ndinali nditamudziwa, koma ndani akanandikhulupirira popanda chifukwa? Mayi amene amapukuta mabuku amenewo ndi mpango wake, amene anakana kukwezedwa ntchito kawiri kuti asachoke pano, angawavule zikuto chifukwa chiyani?

* * *

Lachitatu ndinapita kwa aphunzitsi ena okalamba amene amawerenga m'laibulale mwathu. Anapuma ntchito kalekale, ndipo amakhala pampando womwewo wa pafupi ndi zenera tsiku lililonse. Khwangwala amamuwerenga chaka ndi chaka kuyambira buku loyamba, ndipo aliyense wosakwana zaka makumi asanu amamutcha mwana wasukulu. Nditawafunsa chimene chinali chachilendo pa zikuto zija, anavula magalasi mokondwa ngati ndawapatsa kalasi.

Anandifunsa zaka za Khwangwala m'buku loyamba. Ndinati makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. M'buku lachisanu? Ndinaganiza, n'kupeza kuti ndi zomwezo. Anati eya, umo ndi mmene ofufuza a m'mabuku otere amakhalira. Magalimoto amasintha, mafoni amasintha, akazi amene amawanamiza amasinthanso madiresi, koma mwamunayo amangokhala pomwepo, chibakera chake chosafooka, chiwindi chake chosatopa ndi mowa. Wolemba amaopa kuti ngwazi ikayamba kudandaula msana, owerenga athawa.

"Tsopano tseka maso, mwana wasukulu, uyang'ane zikuto."

Ndinatseka, pakuti ndinkazidziwa kuposa nkhope za abale anga. Choyamba: tsitsi lakuda bii, khosi lowongoka. Chachitatu, changa chija: timizere tiwiri pambali pa diso. Chachinayi: chipsera pachibwano, chimene m'nkhani sichitchulidwa paliponse. Chachisanu: imvi m'mbali mwa makutu. Chachisanu ndi chimodzi: magalasi akusuzumira m'thumba la chikhotho. Chomaliza: wakhala pansi, chipewa pabondo.

Aphunzitsi anati mabukuwo anatuluka pa zaka makumi atatu, ndipo m'kati munthuyo ankakana kukalamba pamene kunja ankakalamba chikalambire. Anati mapeto ake wolembayo anagonja: m'mabuku awiri omaliza Khwangwala amapuma pakati pa masitepe, amaiwala mayina a mboni, ndipo akamenyedwa amagona sabata yathunthu. Kwa iwo amenewo ndiwo mabuku abwino kuposa onse, chifukwa munthu woti akhoza kuthyoka akalowabe m'chipinda chamdima, pamenepo ndiye pali kulimba mtima. Koma funso limene lakhala likuwasowetsa tulo ndi lakuti wojambulayo ankazitenga kuti imvizo, poti wolemba sanam'patse.

"Wojambula sapeka chipsera chopanda ntchito," anatero. "Ankajambula munthu wamoyo. Ndikanakonda kudziwa kuti anathera kuti."

Ndinatembenuka pang'onopang'ono. Kupyola mashelefu, pabenchi la pakhomo, mlendo uja anali atakhala monga anakhalira Lolemba ndi Lachiwiri, chipewa pabondo, akuyang'ana chammbali ngati wamva munthu akumuitana.

* * *

Ndinakhala naye pabenchipo mtima ukugunda ngati ndakumana ndi chibwenzi chakale. Pafupi, chipsera chija chinkaoneka bwinobwino pakati pa ndevu zoyera. Ndinamufunsa kuti anachipeza bwanji.

Anandiyang'ana, n'kuseka pang'ono m'mphuno. Anati anthu ankaganiza kuti ndi mpeni wa chigawenga, koma linali thabwa limene linadumpha pamakina ochekera. Iye anali kalipentala. Tsiku lina anakapereka mafelemu kwa mayi wina wojambula zithunzi, mayiyo n'kumupempha kuti avale chikhotho ndi chipewa aime pafupi ndi zenera kwa ola limodzi. Ola lija linasanduka zaka makumi atatu ndi zinayi. Ndudu sanasutepo, ankangoigwira. Mfuti inali yathabwa, anaisema yekha. Osindikiza mabuku a Khwangwala ankadandaula kuti ngwazi yawo ikukalamba, mayiyo n'kumawayankha kuti iye amajambula zimene akuona, akafuna mnyamata akapeze wojambula wina.

Mayiyo anamwalira chaka chatha. Zojambula zake zenizeni zinatayika osindikiza aja atatseka. Ndinati ndiye wabwera kudzadziona ali mnyamata, ndipo pepani kuti wapeza zikuto zitabedwa. Anati wamva, ndipo n'zachisoni, koma nkhope yake ya kale sakuisowa kwenikweni. Nkhope imeneyo inamupalamulitsa.

Ndinadikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anati tsiku limene anapita ndi mafelemu lija anachoka panyumba pamene panali anthu omudikira, ndipo sanabwerereko. Sanathamangitsidwe, sanayambane ndi munthu. Anangozengereza sabata imodzi, kenako mwezi, kenako manyazi anakula kuposa msewu wobwererera.

Apo m'pamene ndinazindikira kuti benchi limenelo siliyang'ana kumashelefu. Limayang'ana kukhonde lopita kumaofesi.

"Khwangwala wanuyo ankagwetsa zitseko ndi phewa," anatero mkuluyo. "Ine chitseko chimodzi chandikanika masiku atatu, chikhalirecho n'chosakhoma."

Ndinamufunsa dzina lake. Anapukusa mutu. Anati dzinalo analisiya m'manja mwa anthu ena, ndipo sakudziwa ngati akadali ndi ufulu wolitchula m'nyumba muno.

* * *

Lachinayi masana ndinagogoda kuofesi ya abwana. Sindinawaneneze. Ndinangoika patebulo pawo kansalu kaja, kali chipindire patatu, n'kunena kuti ndakapeza pampopi ndipo si ine ndinakapinda.

Anakayang'ana nthawi yaitali. Ndi mayi wa zaka za m'ma makumi anayi, wosalankhula zambiri, amene tsitsi lake silinasokonekerepo ine ndikuona. Tsiku limenelo m'maso mwawo munali mofiira. Anafunsa ngati ndauza munthu. Ndinati ayi. Anati komiti alankhula nayo iwowo. Ndinafunsa kuti akaiuza chiyani, poti wapampando akufuna zikuto kapena makiyi anga. Dzanja lawo linali pa chikwama chimene chinali pamiyendo pawo, atachigwira ngati wina akufuna kuwalanda.

"Amayi," ndinatero, "munandiphunzitsa kuti buku likang'ambika tisamabise pong'ambikapo ndi guluu wambiri, chifukwa limadzang'ambikanso pomwepo. Ine mawa sindikutchulani. Koma sindikavomeranso mlandu umene sindinapalamule."

Anandiuza kuti nditseke chitseko potuluka.

Nditatuluka, ndinaima pabenchi paja n'kumupempha mkuluyo kuti mawa adzalowe nane m'chipinda cha komiti ngati mboni yanga. Anafunsa kuti akachitira umboni chiyani, poti sanaone kanthu. Ndinati akangokhala pansi, chipewa pabondo. Ntchito imeneyo anaigwira zaka makumi atatu, sangailephere.

* * *

Lachisanu komiti inakhala 9 koloko m'chipinda chapansi. Anthu asanu kuzungulira tebulo, wapampando kumutu, abwana kumanzere kwake, chikwama chili pamiyendo. Ine ndinalowa nditamugwira mkuluyo pamkono. Abwana atamuona anatseka maso kamphindi.

Wapampando anafunsa ngati zikuto zapezeka. Ndinati sizinapezeke. Anafunsa ngati ndili ndi chonena. Ndinafotokoza za ulusi wosadulidwa, za simbi yotentha 4 koloko ine ndili kutsidya kwa tauni, ndi kuti osindikiza akhoza kuchitira umboni nthawi imene ndinachoka kwawo. Wapampando anati osindikiza ndi anzanga, mayi wosesa sadziwa kuwerenga wotchi, ndipo nkhani ya ulusi ndi yokauza atelala. Anafunsa ngati ndikuloza munthu wina. Ndinati sindikuloza aliyense.

"Ndiye makiyi," anatero, akugogoda patebulo ndi chala.

Ndinawatulutsa m'thumba. Anali ofunda chifukwa ndinali nditawafumbata m'mawa wonse. Ndisanawaike pansi, ndinamva zipi ya chikwama ikutseguka.

Abwana anatulutsa envelopu yaikulu. Anasolola chikuto choyamba n'kuchiyala patebulo, kenako chachiwiri pambali pake, mpaka zonse zisanu ndi ziwiri zinafola mzere, kuyambira mnyamata wa khosi lowongoka kukafika kwa mkulu wokhala pansi. Mzerewo unathera kumapeto kwa tebulo, pamene mlendo uja anakhala. Palibe amene anafunika kuuzidwa. Maso a anthu onse anayenda pa zikutozo chimodzichimodzi n'kukaima pa iye.

"Mwanayu alibe mlandu," anatero abwana. "Bweza makiyi ako m'thumba. Ndinachotsa ndine, ndipo ndinalakwa kukhala chete masiku atatu iye akupsa."

Wapampando anafunsa chifukwa chake.

Abwana sanayang'ane wapampando. Ankayang'ana chikuto choyamba. Anati munthu ameneyo anamuona komaliza ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, akutuluka pakhomo atanyamula mafelemu. Patapita zaka ziwiri anamuonanso pawindo la sitolo ya mabuku, atavala chipewa chimene sichinali chake. Kuyambira pamenepo ankadikira buku latsopano monga ana ena amadikirira basi ya madzulo. Imvi zake zoyamba anazionera pachikuto. Kuti wayamba kuvala magalasi anadziwira pachikuto. Anapempha ntchito kulaibulale ino chifukwa ndi kokha kumene zinali zonse pamodzi.

"Ndiye Lolemba walowa," anatero abwana, "wandiyang'ana m'maso, n'kundifunsa mabuku ngati wowerenga wina aliyense. Ndinati ayi. Anatenga zonse, izi zokha ndi zimene anandisiyira. Izi satenga."

Mkuluyo anali atagwira chipewa ndi manja onse awiri. Anati anawadziwa abwana asanalankhule n'komwe, chifukwa amayenda ngati mayi awo. Anafunsa mabuku chifukwa mawu ena onse amene anawakonzekera m'basi anamuthawa.

Mlembi wa komiti, amene cholembera chake chinali chitaima m'malere, anafunsa motsitsa mawu kuti m'maminitsi alembe kuti mboniyi ndi ndani.

Mkuluyo anatembenuka. Anayang'ana abwana n'kudikira, ngati munthu woima pakhomo la eni ake.

Abwana anatembenukira kwa mlembi. Kenako anatchula mayina atatu, limodzilimodzi, mosathamanga kuti mlembi asalakwitse, ndipo lomaliza linali lawo lomwe.

"Lembani choncho," anatero. "Ndi bambo anga."